Lenzi za Salaula ndi Mphonje za Pepo

Chawama, Lusaka
Lachinayi masana

Tiyamike mwana wanga,

Magetsi azima kuyambira m'mawa, ndiye ndatulutsa mpando pakhomo pa situdiyo, kope pamwendo. Iwe wapita ku Kabanana kukatsanzika azakhali ako. Ukabwera nyumba idzaza anthu, ndipo ndimadzidziwa: ndikayamba kulankhula pamaso pako ndingolira, mawu osafika kumapeto. N'chifukwa chake ndalemba. Uwerenge mawa pa tiyi, tisananyamuke kupita ku siteshoni ya mabasi.

M'chikwama chako chonyamula m'manja, m'kati mwa chitenge changa chachikasu, ndakuikira kamera. Inde, yomweyo, yakuda ija yokalikakalika m'makona, pamodzi ndi lenzi zake zonse zitatu: ya ku Russia, ya ku China, ndi yotambalala ija ya ku Japan. Usakane. Ndi yako.

Sabata yatha unanena mawu amene sanandichoke. Unati, "Amama, ku koleji kuja ku Kepu banzanga bazankala na malenzi ya zoona, ya kampani yamene inapanga kamera. Ine nizaoneka monga nabwela na salaula." Unaseka, ine ndinasekanso. Koma ndinaona kuti manyaziwo ndi enieni. Tsono khala pansi ndikuuze zimene salaula ameneyu, kaunjika wathu wa malenzi, wachita m'nyumba muno, ndi m'mene anandigwetsera ndisanamudziwe.

Kamerayi sindinagule. Zaka khumi ndi ziwiri ndinagwira ntchito pa situdiyo ya mdala wina mu tauni, poyamba kusesa, kenako kudula zithunzi, pamapeto kujambula za mapasipoti. Tsiku limene ankatseka kuti abwerere kwawo, iwe uli giredi 3, anandiitanira kumbuyo n'kundiika m'manja chinthu cholemera chopanda diso. Anati malenzi wapatsa mwana wake, koma thupi ndi langa. Anandionetsa kuti kamera ya mtundu umenewu suyang'anira mu lenzi ayi. Umayang'anira pa kawindo ka pambali, ndipo pakati pake pali kabokosi kowala m'mene munthu amaoneka pawiri. Umapotoza lenzi mpaka awiriwo akhale mmodzi, apo ndiye wamugwira. Nditafunsa mtengo wa lenzi ya kampani yake yeniyeni, anandiuza ndalama zogulira galimoto. Ndinabwera nayo ku Chawama, inakhala m'sutikesi miyezi isanu ngati mwala.

Amene anaipatsa diso ndi ba Mwanza, okonza mawotchi ndi mafoni pa msika. M'chitini chawo cha zinthu zakufa munali lenzi yakale ya ku Russia, yamsinkhu wa agogo ako. Anaipukuta, anaitanitsa kamphete kolumikizira kotchedwa adaputa, ndipo inakwana. Ndinavina pa msika tsiku limenelo, azimayi a tomato akundiombera m'manja osadziwa chimene ndikuvinira.

Cholakwa changa choyamba chinali pa ubatizo wa mwana wa oyandikana nawo. Ndinali nditazimitsa kagalasi kakumbuyo koonetsera zithunzi kuti batire isathe. Ndinajambula abusa, madzi, mwana akulira, agogo akululutira, zonse ndikuziona bwinobwino pa kawindo. Pofika kunyumba, zithunzi zonse zakuda bii. Chivundikiro chinali pa lenzi nthawi yonseyo. Mwana sabatizidwa kawiri, Tiyamike. Ndinapita kukagwada pakhomo pawo, ndipo mpaka lero bambo wa mwanayo akandiona amafunsa, "Bamake Tiya, mwaivula chisote?" Kamera iyi siikuuza kuti yatsinzina. Chotsa chivundikiro usanapereke moni, uchiike m'thumba, ndipo chithunzi choyamba uzichiyang'ana kumbuyo nthawi zonse.

Chachiwiri chinandisautsa nthawi yaitali. Ndikajambula munthu pafupi, lenzi ili yotsegula kwambiri, makutu ankatuluka akuthwa koma maso ngati pali nkhungu. Ndinkaganiza kuti manja anga ndiwo akunjenjemera. Ndinasiya ngakhale tiyi wam'mawa. Ba Mwanza atamva anaseka, nati, "Si imwe mayo. Iyi lenzi inabadwila kamera inangu, miyezo yake yapusanako pang'ono che." Anandandika mabotolo asanu pa tebulo motsogozana, nandiuza kuti ndilunjike pa lapakati. Chithunzi chinagwira lakumbuyo kwake. Anamasula lenzi, anadula kamphete kopyapyala kuchokera ku chitini cha chakumwa, nakalowetsa m'kati. Tinayesanso katatu, botolo lapakati linatuluka mpaka zilembo zake. Kachitini kameneko kakadali momwemo, usalole munthu akachotse poganiza kuti ndi chinyalala. Ndipo lenzi iliyonse yachilendo imene udzagule, uyambe waiyesa pa mabotolo usanaiyese pa nkhope ya munthu amene wakukhulupirira.

Tsopano ndikuuze za ukwati wa Misozi. Unali wamng'ono, unangomva phokoso, sunadziwe kuti situdiyo inatsala pang'ono kutsekedwa. Misozi ndi mwana wa mayi amene ankatsogolera azimayi ku tchalitchi kwathu, munthu amene mawu ake amafika mbali zonse za komboni tsiku lisanathe. Ndinali nditangogula lenzi ya ku China, imene imatsegula bowo lalikulu n'kusungunula zonse za kumbuyo kwa munthu. Ukwati unatuluka m'tchalitchi dzuwa la Okutobala lili pamutu. Kumbuyo kwawo kunali maminibasi ndi mulu wa zinyalala, ndiye ndinatsegula lenzi mpaka pa 1.4 kuti zisaoneke. Misozi ndi wakuda bwino ngati iwe, choncho ndinaonjezera kuwala kuti nkhope ituluke, ndipo thambo linayera mbee. Pa kagalasi kakang'ono zonse zinaoneka zokongola. Ndinakachapitsa zazikulu mu tauni, ndipo chifukwa cha changu ndinapereka envulopu osaitsegula.

M'mawa mwake bamake Misozi anafika pano ndi azimayi atatu. Anaponya zithunzi pa tebulo. M'mphepete mwa velo monse, pa phewa la diresi, pa kolala ya mkwati, munali kamzere ka mtundu wa pepo ngati maluwa a jakaranda, kozungulira ngati mphonje za nsalu. Kumbuyo, m'mphepete mwa malata, kamzere kobiriwira.

"Bamake Tiya, ichi ni chani manje?" anatero. "Mwana wanga anavala voyela. Iyi pepo yachoka kuti? Ku chalichi pepo timayala pa malilo!"

Mmodzi wa anzawowo ananong'ona kuti, "Awe, iyi si kamera. Ichi ni chizindikilo."

Pofika madzulo nkhani inali itafika kwa apongozi a Misozi ku Chilenje. Achibale a mkwati ankafuna kutengera zithunzizo kwa mneneri. Misozi, mkwatibwi wa masiku anayi, anasiya kudya. Anthu awiri amene anandilonjeza ntchito ya khichini pate, phwando lolangiza mkwatibwi, anatumiza uthenga kuti apeza wina. Ndinapita kwa bamake Misozi, ndinagwada, ndinati, "Cholakwa ndi changa, si cha mwana wanu. Ndipatseni sabata imodzi." Iwo anati, "Sabata imozi che."

Zoona zake, sindinkadziwa chochita. Chimene ndinkadziwa n'chakuti pepoyo anatuluka pamene choyera chowala chakumana ndi chakuda. Ndinatenga shati yako yoyera ya sukulu ndi siketi yako yakuda, ndinaziyanika pamodzi pa waya masana, thambo lili kumbuyo. Ndinajambula pa 1.4, pa 2, pa 2.8, pa 4, pa 5.6, osasuntha phazi, ndikulemba nambala iliyonse pa kapepala. Nditaziika pa kompyuta n'kuzikulitsa, ndinakuwa mpaka aneba anathamangira kuno. Pa 1.4 shati yako inali ndi mphonje za pepo zofanana ndendende ndi za velo la Misozi. Pa 2.8 zinachepa. Pa 4 zinatsala pang'ono, pa 5.6 zinalibiretu. Ba Mwanza anandifotokozera kuti kuwala koyera kuli ndi mitundu yambiri m'kati, ndipo galasi la lenzi likatsegulidwa lonse limalephera kuifikitsa yonse pamalo amodzi, ina imataikira m'mbali.

Ndinachapitsa zithunzi zisanu za shatiyo, ndinazikhoma pa khoma motsatana, ndinaitana bamake Misozi, Misozi mwini, ndi apongozi ake a ku Chilenje. Anaima n'kumayang'ana. Ndinaloza choyamba ndinati, "Amayi, iyi ndi shati ya mwana wanga, ndayanika pa waya. Kodi nayo shatiyi ili ndi tsoka?" Apongozi aja anayandikira, anavala magalasi, anayenda kuchoka pa choyamba kufika pa chachisanu, n'kubwereranso. Kenako anaphulika chiseko mpaka kugwira khoma. "Ah, shuwa! Tenze pafupi kusala kudya chifukwa cha shati!" Misozi analira ndi kuseka nthawi imodzi. Tsiku limenelo anadya mbatata pano pa situdiyo.

Koma zithunzi za ukwati zinali zikadali ndi pepo, ndipo apa ndinalakwanso. Mwayi wanga unali woti mdala uja anandiphunzitsa kusunga zithunzi zaziwisi, zimene kamera imazitcha RAW, zosakonzedwa kalikonse. Mu pulogalamu ya pa kompyuta ndinapeza pochotsera mphonje, ndipo chifukwa cha mkwiyo ndinakokera kachizindikiro kake mpaka kumapeto. Pepo anachokadi pa velo, koma anachokanso pa mtengo wa jakaranda wa pa tchalitchi, umene unasanduka wotuwa ngati phulusa, ndi pa maluwa a chitenge cha apongozi. Ndinayambiranso. Ndinaphunzira kusankha mtundu weniweniwo wa mphonje, kukoka pang'onopang'ono, ndi kupaka m'mphepete mokhamo m'mene muli vuto. Masiku atatu ndinakhala pa velo limenelo. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Zitatuluka, bamake Misozi anazinyamula okha kupita nazo ku msonkhano wa azimayi, ndipo chaka chimenecho ndinajambula maukwati ambiri kuposa zaka zonse za m'mbuyo. Chithunzi chachikulu cha ukwatiwo chikadali m'nyumba mwa Misozi, ana ake atatu amachiloza.

Ndiye tamvera, mwana wanga. Dzuwa likakhala laukali, tsinzinitsa lenzi, uyambire pa 4. Uike chipewa chake cha lenzi, chotchinga dzuwa m'mbali. Usaimike munthu wovala zoyera kutsogolo kwa thambo loyera, kapena kwa malata onyezimira. Musunthe, mupititse pamthunzi wa khonde, kumbuyo kwake kukhale khoma kapena mtengo. Ku kolejiko mwina adzakuphunzitsa kuyeza kuwala pa diresi. Iwe uziyeza pa nkhope. Khungu lathu limafuna kuwala kwake, ndipo munthu sakulipira kuti aone diresi lokongola lopanda mwini. Ukasamala nkhope, thambo limapsa, ndipo thambo likapsa pepo amabwera, n'chifukwa chake ndikuti musunthe munthuyo. Ndipo envulopu uzitsegula. Ndabwerezanso: envulopu uzitsegula usanapereke.

Lenzi yotambalala ya ku Japan ili ndi khalidwe lake lina. Ndinaigula yogwiritsidwa kale ntchito kuti ndizikwanitsa magulu aakulu m'tinyumba tathu topanikizana. Ndinajambula kwaya ya ku Matero, anthu makumi anayi, yunifomu yoyera, kutsogolo kwa khoma loyera. Chithunzi chitatuluka, a mbali imodzi anali ofiirira ngati awathira juwisi, a mbali ina obiriwira. Oyera anali a pakati okha. Wotsogolera kwaya anati, "Ba sista, ise tili na yunifomu imozi, imwe mwatipasa zitatu." Chimene chimachitika n'chakuti lenzi za kampani yake zili ndi timadontho kumbuyo timene kamera imawerenga, n'kudziwa yokha m'mene ikonzere m'mbali. Zathuzi zilibe. Kamera siidziwa kuti yavala chiyani. Uyenera kulowa m'menyu n'kuisankhira pamndandanda lenzi yofanana nayo kutalika. Ndinayesa zonse zoyandikira imodziimodzi pa khoma la situdiyo, ndipo zimene zinagwira ndazilemba pa kakhadi kali m'chitenge momwemo. Zikakanikabe, jambula khoma loyera lopanda kanthu ndi lenzi yomweyo, pa nambala yomweyo, kuwala komweko. Pulogalamu imagwiritsa ntchito chithunzi cha khomacho kuchotsera mitundu ya m'mbali pa zinazo.

Ndipo ukasintha lenzi, usinthenso m'menyu. Ine ndinaiwala pa maliro a ba sekeletale wa msika. Ndinaiveka ya ku Russia kamera ikuganiza kuti ikadali ndi yotambalala, ndipo inakonza chimene sichinalakwe, m'makona monse munayera modabwitsa. Ndinazikonza, koma ndinataya masiku awiri pa chinthu cha mphindi imodzi.

Tsopano za tsiku limene ndimalikumbukira ndikafooka. Chaka chija madzi anasefukira ku Kanyama, ndinapita kukaona mnzanga amene nyumba yake inalowa madzi, kamera ili m'pulasitiki ya shuga. Mvula itakata, dzuwa linatuluka, ndinaona azimayi asanu akuwoloka msewu madzi ali m'maondo, aliyense mwana wa sukulu kumsana, nsapato za anawo zili m'manja. Ndinawafunsa kaye ngati ndingawajambule, wakutsogolo anati, "Kopani, baone mwamene tinkalila." Madzi ankanyezimira ngati magalasi osweka, malo enieni a pepo. Ndinatsitsa lenzi ya ku Russia pa 5.6, ndinasuntha masitepe atatu kuti dzuwa likhale pambali, ndinadikira awiri a m'kabokosi kaja akhale mmodzi, ndinadina kamodzi.

Chithunzi chimenecho chinasankhidwa pa chionetsero mu tauni, anachichapa chachikulu ngati chitseko. Ndinavala chitenge changa chabwino, ndinakwera minibasi. M'holomo munali anthu a makamera olendewera pachifuwa ngati ana amapasa. Bambo wina wa jekete lachikopa anaona kamera yanga, maso anawala, koma ataona lenzi anakwinya mphuno. "Mami, kamera yodula so, mwaivalika ichi? Ni monga kuvala suti na patapata. Ivi vimafaka pepo paliponse." Ndinamufunsa kuti chithunzi chimene chamusangalatsa m'holomo ndi chiti. Analoza cha azimayi a ku Kanyama. Ndinati, "Pitani mukafunemo pepo." Anapita, anaika mphuno pafupi ndi pepala, anayenda m'mphepete mwa madzi monse, pa malaya a ana, pa malata. Anabwerera n'kufunsa wojambula wake. Ndinamuonetsa dzina langa pansi pake, kenako ndinakweza patapata wanga uja. Anthu amene anali pafupi anaomba m'manja. Bamboyo, kunena zoona, sanali woipa mtima. Anatulutsa foni nandipempha nambala ya ba Mwanza.

Mwezi wotsatira ndinabwerera ku Kanyama ndi zithunzi zisanu zazing'ono, ndinafunafuna azimayi aja mpaka ndinawapeza onse. Uzichita chimenecho kulikonse kumene upite. Pempha usanajambule, ndipo wojambulidwa aone nkhope yake.

Pa kompyuta uzichotsa zolakwa za lenzi zokha. Pepo amene galasi laika, chotsa. Chipsera chimene munthu ali nacho, matope a pa msewu wathu, ming'alu ya khoma, zisiye pokhapokha mwini atapempha. Ndipo akakufunsa kuti wajambulira chiyani, unene zoona mokweza: lenzi ya ku Russia yokhala ndi kachitini m'mimba. Zithunzi khumi ndi ziwiri zimene unatumiza ku kolejiko, za ometa tsitsi a pa msika ndi za atsikana a mpira, unajambulira lenzi zomwezi. Aphunzitsi amene anakusankha pakati pa anthu ambirimbiri sanafunse dzina la galasi. Anaona zimene unaona iwe. Tsiku limene kalata yawo inafika ndinatseka situdiyo dzuwa lili pamutu, ndinayenda msika wonse ndikuuza ngakhale amene sanandifunse.

Za moyo wina ndakuuza kale kambirimbiri, sindibwereza zonse. Upeze tchalitchi. Uzidya. Kamera usaisiye pa mpando wa basi ngakhale ukupita kukagula madzi. Mnyamata akayamba kukuuza kuti luso lako ndi laling'ono kuti iye aoneke wamkulu, nyamula chikwama. Uziimba foni Lamlungu.

Pali chimodzi chimene sindinakuuze. Kuyambira nyengo yozizira yapitayi, diso langa lamanja layamba kuchita nkhungu. M'kabokosi kaja anthu awiri sakukhalanso mmodzi, ndimapotoza lenzi uku ndi uku, onse awiri ali mbuu. Ku chipatala anati ndi ng'ala, adzaichotsa ikakhwima, si chinthu choopsa. Usalire, ndipo usaganize zotsala. Ntchito ya pa situdiyo ndizichita ndi kamera yathu ina, yodzilunjika yokha, mapasipoti ndi makhichini pate sadzatha mu Chawama. Koma kamera iyi imafuna diso lakuthwa, ndipo diso lakuthwa m'nyumba muno tsopano ndi lako. Ndaigwira zaka zonsezi, yakuphunzitsa sukulu, yamanga chipinda chachiwiri, yakweza dzina langa pa khoma la mu tauni. Sindikuipereka ndi chisoni. Ndikuipereka ngati munthu amene wapambana.

Ndili ndi pempho limodzi. Dzulo ndinkasanthula mabokosi kufuna chithunzi changa choti upite nacho. Muli maukwati a anthu, maliro a anthu, ana a anthu, iwe kuyambira uli wakhanda. Changa ndapeza cha pa chitupa chokha. Zaka zonsezi ndinali kumbuyo kwa kawindo. Ndiye mawa pa siteshoni, basi isanalize hutala, utulutse kamera undijambule. Ndivala bulauzi yanga yoyera. Dzuwa lidzakhala litakwera kale, ukudziwa chochita: undikokere pamthunzi, uike pa 4, uyeze pa nkhope. Ndikalira, usadikire kuti ndipukute. Dina momwemo.

Pita bwino, Tiyamike. Mulungu akutsogolere.

Ndine mayi wako,
Bamake Tiya